Mzinda wa Mzuzu ndi Ulamuliro Wake: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mzinda wa Mzuzu uli pati?

Mzuzu, likulu la Chigawo cha Kumpoto, ndi mzinda womwe uli m'dera la boma la Mzimba, pa mapiri a Viphya, pamalo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kukwera kumeneku n'kumene kumabweretsa chisanu, nkhungu ndi mvula yochedwa kusiya. Pamenepa m'pamene msewu wa M1, wochokera ku Lilongwe kupita ku Karonga, umakumana ndi wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay.

Nanga unayamba bwanji?

Mosiyana ndi Zomba, komwe kunakhala boma la atsamunda, kapena Blantyre, komwe kunafika amishoni, Mzuzu unamera pa esiteti. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anatsegulapo minda ya tung, mitengo imene njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti, ndipo anthu ofuna ntchito anayamba kumanga mozungulira mindayo. Ulimiwo unazilala, koma anthu sanachoke, moti malowa anapatsidwa khonsolo ya tauni yaikulu mu 1980 n'kukhala mzinda mu 1985. Kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu 221,272.

Ngati mzindawu uli m'boma la Mzimba, amaulamulira ndani?

Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 limasiyanitsa makhonsolo awiri. Midzi ya Mzimba ili pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, yotchedwa dzina la Inkosi ya Makhosi ya Angoni, pomwe mzinda uli ndi khonsolo yakeyake, mmene mumakhala makhansala osankhidwa ndi anthu m'mawodi, ndiko kuti zigawo zing'onozing'ono za chisankho, ndipo meya amasankhidwa pakati pa makhansalawo. Ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kusamalira misika, kuchotsa zinyalala, kuvomereza mapulani a nyumba ndi kutolera msonkho wa malo, zimagwiridwa ndi akuluakulu olembedwa ntchito. Komabe, kuyambira mu 2005 mpaka 2014 m'dziko lonse munalibe makhansala, ndipo zaka zimenezo, pamene mzindawu unkakula mofulumira, anthu ake analibe wowayankhulira m'khonsolo.

Vuto lalikulu la ulamulirowu lili pati?

Lili pa malo. Mzinda unafutukuka n'kumeza midzi yomwe inali kale ndi mafumu ake, ndipo ambiri ofika kumene anapeza malo kudzera mwa mafumuwo kapena pogula kwa anzawo, khonsolo isanadule mapuloti, kulambula misewu ngakhale kukumba ngalande. Chifukwa cha ichi, m'madera ngati Masasa, Chibavi ndi Mchengautuwa muli nyumba zambiri zomangidwa m'malo otsetsereka ndi m'madambo, zomwe zimagwa kapena kulowa madzi mvula ikalimbikira, ndipo amene amavutika kwambiri ndi mabanja osauka omwe analibe kwina kopita. Kudula mitengo mozungulira damu la Lunyangwa, lomwe limamwetsa mzinda wonse, nakonso kumachokera pa gwero lomweli, pakuti nyumba iliyonse yatsopano imafuna njerwa zowotcha, nkhuni ndi makala.