Mwana akati akupita kunja kukatumikira Mulungu

Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, kutumiza mwana kutali kukagwira ntchito ya Mulungu si chinthu chachilendo. Amishoni A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anafika ku Mvera, m'dera la Mfumu Chiwere, mu 1889, ndipo mishoni ya ku Kongwe inatsegulidwa mu 1894. Zaka zisanachuluke, alaliki a ku Kongwe anali atayamba kale kuyenda wapansi kupita kwa Mfumu Mpezeni, mpaka mu 1899 kunakhazikitsidwa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata. Mu 1912 a Vlok anatsatira Amalawi amene ankagwira ntchito ku Harare, kumene lero kuli sinodi ya CCAP yoima payokha. Atumiki onsewa anali ndi mpingo wowatuma, ndipo ukawafuna unkadziwa kowapeza. Inu makolo, yambirani pamenepo.

Masiku ano kuitana kumabwera pa foni. Mwana wanu wamaliza Fomu 4 kapena koleji, waona pa Facebook kuti bungwe lina likufuna achinyamata oti akaphunzire utumiki kwa miyezi 6 kapena chaka, ndipo mtima wake wayaka. Musamukalipire, komanso musathamangire kugulitsa mbuzi. Mutengeni mupite naye kwa abusa kapena kwa bambo mfumu, nkhaniyo ikakambidwe ndi akulu a mpingo. Pemphani kuti abusawo alankhule okha ndi mpingo wokalandira mwanayo, kudzera ku likulu la sinodi ku Nkhoma, ku dayosizi kapena ku likulu la mpingo wanu. Nambala yolembedwa pa chilengezo chomwecho si umboni, chifukwa woyankha foniyo ndi yemweyo amene analemba chilengezocho.

Mukapeza kuti bungwelo lilipodi, funsani mafunso ndipo mayankho abwere pakalata. Tikiti yopita ndi yobwerera alipira ndani? Akagona kuti, ndipo ndi ndani? Akadwala, wolipira kuchipatala ndani? Tsiku ndi tsiku azikachita chiyani kwenikweni: kuphunzitsa ana, kulalikira, kuthandiza pachipatala? Kufunsa zotere si kuchepa chikhulupiriro ayi. Safunsa anadya phula.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, ulendo uthere pomwepo. Ngati akuti mutumize ndalama yolembetsera pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu, ngati akukufulumizitsani kuti malo atha mawa, ngati auza mwana kuti asauze abusa, kapena akuti pasipoti azikasunga iwo akafika, amenewo si amishoni. Atsikana athu ambiri amene anazunzika ku Oman anachoka kuno atalonjezedwa ntchito yabwino, koma atafika analandidwa mapasipoti. Wozembetsa anthu saopa kutchula dzina la Yesu. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015, choncho mukakayikira, kanenani ku polisi.

Za mapepala, mwana apite yekha ku Immigration ku Lilongwe, asadzere kwa madobadoba. Mayiko ambiri amafuna pasipoti yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa isanathe ntchito. Dziwaninso kuti masiku 30 amene Mmalawi amadindiridwa polowa ku South Africa ndi a mlendo wokacheza. Wokatumikira miyezi yambiri amafunika chilolezo chake, ndipo kalata yothandizira kupeza chilolezocho ichokere ku mpingo womuitana. Akapitiriza masiku, amaletsedwa kulowanso. Mayiko ena amafunanso kadi yachikasu ya katemera ndi kalata ya ku polisi. Kalata ya mpingo asaiwale. Zonsezi mujambulitse, mapepala ena atsale pakhomo.

Nkhani yovuta ndi ya ndalama, ndipo ndi pamene mabanja ambiri amadanirana. Wophunzira utumiki salandira malipiro. Akapatsidwa kanthu, n'ka sopo ndi ka basi basi. Musamuone ngati wapita ku Joni, n'kumamuimbira mwezi ndi mwezi kuti atumize ya feteleza. Mukatero mumuika pa mayesero oti athawe utumiki n'kukafuna ganyu popanda chilolezo. Nanunso musagulitse munda kapena ngolo, ndipo katapila musamuyandikire n'komwe. Ngati mpingo wavomera kumutuma, mpingowo usenze nawo: chopereka chapadera, amayi a Chigwirizano, achinyamata anzake. Nthawi yabwino yosonkha ndi pamene fodya, soya ndi mtedza zagulitsidwa, osati mu Januwale nkhokwe zitapepuka. Powerengera, ikani yapadera, pakuti kwacha sakhazikika. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki. Kambiranani msanga za amene adzagwire khasu lake mvula ikagwa, kuti azibale ake asamadzadandaule.

Kunena zoona, ine ndimakonda kuti mwana ayambire pafupi. Ku Chipata kapena ku Vila Ulongwe ku Angonia chinenero n'chathu chomwechi, nsima ndi yomweyi, ndipo zinthu zikavuta, basi imamufikitsa pa Mchinji kapena pa Dedza tsiku lomwelo. Ngakhale asanawoloke malire, sukulu ili pakhomo pompano. Ku Dzaleka, kumene kwakhala othawa kwawo kuyambira 1994, kuli mipingo ya anthu a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Apemphe kudzera mwa abusa kuti azikapemphera nawo kwa miyezi ingapo, amve mmene zimakhalira kukhala pakati pa anthu olankhula Chiswahili iwe osatolapo kanthu. Akatopa nazo pa Dzaleka, ku Maputo sakapirira.

Panyumba, muphunzitseni kuphika, kuchapa ndi kusunga ndalama, mnyamata yemwe. Ngati amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, akaonane ndi achipatala amupatse okwanira ndi kalata yake. Muuzeni kuti kwa eni ake azimvetsera kaye asanayambe kukonza anthu, pakuti kavalidwe ndi kaimbidwe kosiyana ndi kathu si tchimo.

Asananyamuke, gwirizanani tsiku loimbirana foni sabata iliyonse, mulembe nambala ya mkulu wa mpingo wa kumeneko, ndipo mwana adziwe pamene pali ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ku Lusaka, Pretoria kapena Maputo. Kambiranani za sukulu kapena ntchito imene adzachite akabwerera, tsiku lobwereralo lilembedwe. Zonsezi zikatheka, muimikeni kutsogolo kwa mpingo Lamulungu, mumupempherere, anthu onse adziwe kumene akupita. Ngati kalata yochokera ku mpingo womulandira sinafike m'manja mwa abusa, musamulole kukwera basi.