Ulendo wa pa Sapitwa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Sapitwa ndi malo otani?

Sapitwa ndi nsonga yaitali kuposa zonse za phiri la Mulanje, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepa. Ili pa mamita 3,002 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mulanje si phiri la nsonga imodzi ayi. Ndi chimulu chachikulu cha matanthwe chokhala ndi zidikha pamwamba pake, monga Lichenya, Chambe ndi Thuchila, ndipo nsongazo zimatumphuka pazidikha zimenezi. Boma la atsamunda linaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Dzina lakuti Sapitwa limadzimasulira lokha: kumalo kumene anthu sapitako.

Ulendowu umayambira kuti, nanga umatenga masiku angati?

Ambiri amayambira ku Likhubula, kumadzulo kwa phirili, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Kumeneko mlendo amalembetsa dzina, amalipira ndalama yolowera ndi yogonera, ndipo amapeza womutsogolera ndi omunyamulira katundu. Ena amakwerera ku Fort Lister, mbali ya ku Phalombe.

Ulendo wosathamanga umatenga masiku anayi. Tsiku loyamba ndi lokwera kuchoka ku Likhubula kukagona ku Chambe kapena ku Lichenya. Lachiwiri ndi lodutsa pazidikha kukafika ku Chisepo, nyumba yogona imene ili m'tsinde mwa Sapitwa. Lachitatu ndi la pansonga. Lachinayi ndi lotsika. Alipo amphamvu amene amaufinya n'kukhala wa masiku atatu kapena awiri, koma mawondo awo ndiwo amalipira potsika.

N'chifukwa chiyani pamafunika wotsogolera?

Ili ndiye funso lalikulu, chifukwa ndi pamenepa pamene alendo ena amafuna kupulumutsirapo ndalama. Pazidikha njira zimaoneka bwino, moti munthu amayamba kudziona ngati waidziwa Mulanje. Akangochoka pa Chisepo zinthu zimasintha. Njira imasanduka thanthwe lotsetsereka, miyala ikuluikulu yosanjikizana, mipata yofunika kukwawa ndi tinkhalango tothithikana. Zizindikiro zopakidwa pamiyala zimathandiza kunja kukakhala koyera, koma nkhungu ikatsika, munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake, ndipo miyala yonse imangofanana.

Wotsogolera, amene ambiri amangomutchula kuti gaidi, nthawi zambiri ndi munthu wa m'midzi ya m'mphepete mwa phirili. Amadziwa pamene pali madzi akumwa, pamene thanthwe limaterera, ndi mitambo imene ikubweretsa mvula. Ntchito yake yaikulu koposa ndi kunena kuti lero tibwerere, ndipo mlendo wanzeru satsutsa. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anapita yekha cha ku Sapitwa ndipo sanapezekenso. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womutsogolera m'njira n'kupitirira yekha; mtembo wake unapezeka patapita milungu yoposa iwiri.

Onyamula katundu nawo ndi anthu a ntchito yawo, si abulu. Mtengo ndi kulemera kwa katundu zimayenera kukambidwa ulendo usanayambe. Mphamvu zawo zimaonekera pa mpikisano wa Porters Race umene umachitika chaka ndi chaka, pamene othamanga amakwera ndi kutsika m'maola ochepa mtunda umene mlendo amautha masiku awiri.

Kodi m'phirimo anthu amagona pati, nanga amadya chiyani?

M'zidikhamo muli nyumba zogona monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka ndi Sombani. Nyumbazi zimakhala ndi mlonda amene amasamala za nkhuni ndi madzi. Mulibe golosale m'phiri. Ufa, mpunga, ndiwo, shuga, masamba a tiyi, mtedza ndi machesi, zonse zimachokera kumunsi, ndipo zinyalala nazo zimayenera kutsika ndi eni ake.

Nyengo yabwino yokwera ndi iti?

Ndi nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Komabe kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza ndi mphepo yozizira yochokera kumwera chakum'mawa, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chiperoni chimatha kukhalitsa masiku angapo, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana m'mwambamo. Mu Seputembala ndi Okutobala kumatentha, koma thanthwe limakhala louma. M'dzinja mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ndipo matanthwe amaterera; imeneyi si nyengo ya Sapitwa.

Munthu atenge chiyani?

Nsapato zogwira pathanthwe zimene mapazi anazizolowera kale, juzi lochindikala, chovala cha mvula, chipewa, chofunda, tochi, botolo la madzi ndi mankhwala a zilonda. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse okwera, choncho wonyamuka ku Likhubula ali thukuta kamukamu amakafika pansonga akunjenjemera.

Tsiku la pansonga limayenda bwanji?

Anthu amalawirira, katundu wolemera n'kumusiya pa Chisepo. Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, ndipo kutsika sikufulumira kwenikweni, poti malo ambiri ndi oyenda ndi manja ndi miyendo yomwe. Chingwe sichifunika kunja kukakhala kouma. Ena amamva mutu kapena kupuma movutikira akapitirira mamita 2,500. Zikakula, mankhwala ake ndi kutsika. Kukacha bwino, pansonga pamaoneka minda ya tiyi, nyanja ya Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique.

Nanga zimene anthu amanena za mizimu n'zoona?

Anthu ozungulira phirili amalilemekeza monga mokhala mizimu ya makolo. Amati munthu akapeza chakudya chokonzedwa kale m'phirimo azingodya, osaitana mnzake, ndipo zigumukire zoopsa monga za ku Phalombe mu 1991 amazitchula kuti Napolo wadutsa. Mlendo sakakamizidwa kukhulupirira zimenezi, koma kuzinyoza pamaso pa omuperekeza ndi mwano. Ndipo langizo la makolo loletsa kuyenda wekha kumeneko limagwirizana ndi la a zankhalango.

Kodi mlendo angaone mkungudza?

Mtengo umenewu, womwe ndi mtengo wa fuko la Malawi, umamera mwachilengedwe pa Mulanje pokha. Odula mozembera ndi moto wolusa anautha, moti m'njira zambiri mwatsala zitsa ndi mbande zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala. Kudula mkungudza m'nkhalangoyi popanda chilolezo ndi mlandu.