KUYEZA CHIGONGONO NDI BONDO CHIKHAKHA CHIKACHOTSEDWA

M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, mango akamapsa ku Chintheche, ku Kande ndi ku Mpamba, ana amakwera m'mitengo, ndipo ena amagwa nathyoka mkono pamwamba pang'ono pa chigongono. Fupa la mwana silichedwa kulumikizana, kotero kuti kaŵirikaŵiri chikhakha chimachotsedwa patapita milungu itatu kapena inayi. Koma tsiku limenelo makolo ambiri amada nkhaŵa, pakuti mkono umatuluka wolimba, wosawongoka bwino ndiponso wosapinda kufika kukamwa. Maso okha sangazindikire ngati chigongono chikumasuka mlungu ndi mlungu. Chofunika ndicho kuyeza ngodya imene mafupa apanga pamene akumana.

Ngodya imayezedwa m'madigiri. Kuzungulira konse kuli ndi madigiri 360, chiŵerengero chimene chinachokera kwa anthu akale a ku Babulo. Mzera wowongoka uli ndi madigiri 180, ndipo pokumana makoma aŵiri a nyumba yomangidwa bwino pali 90. Chida choyezera ndicho protractor, kapulasitiki konga theka la mwezi kamene kamakhala m'kabokosi ka masamu ka mwana wa sukulu. Ku chipatala kuli china chotchedwa goniometer, chimene chili protractor yomweyo koma yokhala ndi timikono tiŵiri.

Wodwala amagona chagada, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Pakati pa chidacho pamaikidwa pa kafupa kotukuka kamene kali kunja kwa chigongono. Kamkono kamodzi kamaloza kunsonga ya phewa, kena kamaloza polumikizira dzanja, mbali ya chala chachikulu. Tsono wodwala amawongola mkono mpaka pamene angathe, woyeza nalemba nambala. Amapindanso mpaka pamene angathe, nambala yachiŵiri nilembedwa.

Kumudzi zimenezi nzotheka ndithu. Kholo lidule timizere tiŵiri ta katoni, lilumikize nsonga zake ndi msomali, ndi kutigoneka pamkono monga momwe tafotokozedwa timikono tija. Litatigwira zolimba kuti tisasunthe, litiike papepala ndi kujambula mizera iŵiri motsata katoniyo. Pakati pa protractor paikidwe pokumana mizerayo, mzera wa 0 ugone pa mzera umodzi, ndipo nambala iŵerengedwe pamene padutsa mzera winawo.

Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Protractor ili ndi mizera iŵiri ya manambala, wina woyambira kudzanja lamanja, wina kumanzere. Woyenera kutsatidwa ndi umene 0 wake wagona pa mzera wojambulidwawo. Ngodya yopapatiza kuposa ya makoma a nyumba singapitirire 90, tsono woyeza akapeza 120 pa ngodya yotere adziŵe kuti nambala yoona ndi 60. Chinanso nchakuti achipatala saŵerenga monga a kusukulu. Kwa iwo mkono wowongoka bwino ndi 0, osati 180. Choncho nambala ya papepala iyenera kuchotsedwa pa 180. Mwana akawongola mkono pepala nilionetsa 150, ndiye kuti kwatsala madigiri 30 kuti uwongoke.

Chigongono chabwino chimayenda kuchokera pa 0 kufika pafupifupi pa 145. M'chaka cha 1981 dokotala Bernard Morrey ndi anzake a ku Mayo Clinic ku Amereka anapeza kuti ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku zimatheka pakati pa 30 ndi 130. Mwana wofika pamenepa atha kutema kondowole ndi kusamba kumaso popanda vuto. Bondo limapinda kufika pafupifupi pa 135. Poyenda pamafunika madigiri 60 okha, koma kunjuta pachimbudzi chokumba kumafuna bondo lopinda pafupifupi lonse, ndipo msodzi amene bondo lake laima pa 90 adzavutika kukhala m'bwato pokakoka chilimira. Nkwabwino kuyezanso chiŵalo cha mbali inayo, chifukwa anthu amasiyana.

Nambala ikakhala yochepa, makolo ena amakoka mkono wa mwana mwamphamvu kapena kumunyamulitsa ndowa yamadzi kuti uwongoke. Zimenezi nzoopsa. Minofu imavulala, ndipo nthaŵi zina m'kati mwake mumamera fupa limene limalimbitsa chigongono koposa kale. Chigongono cha mwana chimamasuka chokha iye akamadya, kuvala ndi kuseŵera ndi mkonowo. Cha wamkulu chimachedwa, ndipo chimafuna zolimbitsa thupi zimene achipatala amuphunzitsa.

Kuyeza kuchitike kamodzi pamlungu, tsiku lofanana, ndipo manambala alembedwe papepala losungidwa m'buku la kuchipatala. Ngati mwezi watha nambala osasintha, kapena chigongono chatupa ndi kutentha, kapena zala zachita dzanzi, wodwala abwerere msanga. Zipatala zazing'ono zimatumiza otere ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay kwa madokotala othandiza a mafupa, amene maphunziro awo anayamba m'Malaŵi muno m'chaka cha 1985. Kwa munthu wa ku Usisya, amene ulendo wake ndi wapanyanja kapena wa msewu wa m'mapiri, pepala la manambalali limathandiza wachipatala cha kwawo kuona ngati ulendowo ukufunika mlungu uno kapena ungadikire.