Phunziro: Cilala ca ku Afghanistan ndi Ndarama Zoimitsidwa

Afghanistan ndi dziko la mapiri, ndipo anthu ake ambiri amadya za kumunda. Mitsinje yao imadalira cipale cofewa cogwa pa mapiri a Hindu Kush. Cikasungunuka ndiwo madzi othirira tirigu. Koma dziko lapansi likunka litentha, cipaleco cikucepa, ndipo cilala cabwera kawiri-kawiri. Mbvula ikagwa pa nthaka youma imakokolola midzi: mu May 2024 cigumula cinapha anthu oposa 300 m'cigawo ca Baghlan. Komatu pa utsi umene ukutenthetsa dziko, wocokera kwao ngwocepa ndithu.

Mu 2010 maiko anakhazikitsa thumba la Green Climate Fund lothandiza maiko osauka otere. Lamulo lake nlakuti boma la dzikolo liyambe labvomereza nchito iri yonse. Apa ndipo panamangika mfundo. A Taliban atalanda Kabul mu August 2021, maiko opereka ndarama anakana kuwayesa boma, ndipo nchito zambiri zinaima.

Kusaika ndarama m'manja mwa olamulira amene anatsekera asungwana sukulu za sekondale nkoyenera. Nanga mlimi wa ku Baghlan analakwanji? Njira ina iripo: ndarama zidzere ku mabungwe amene ali kale m'midzimo, monga FAO ndi Aga Khan Foundation, akonze ngalande za pansi pa nthaka zochedwa karez, amange makoma ochinga madzi, agawe mbeu zopirira cilala. Cotsala cobvuta ncakuti mu December 2022 a Taliban analetsa akazi kugwira nchito m'mabungwe osakhala a boma. Tsono opereka ndarama aumirire kuti thandizolo lifikenso kwa amai amasiye.