SEWERO LA PHUKUSI

Mtundu uli wonse wa anthu uli ndi masewera ace. Ife tiri ndi nsolo, ciyato ndi zirapi za madzulo. Anthu a maiko ena ali ndi ao. M'phunziro ili tiwerenga za sewero lina la ku Britain, limene Angerezi amalicha Pass the Parcel, ndiko kunena kuti, "Pereka phukusi kwa mnzako." Sewero ili limacitika pa madyerero a tsiku lobadwa mwana ndi pa Khirisimasi, ndipo linafika ku Australia, ku India ndi ku maiko ena kumene kuli anthu olankhula Cingerezi.

Nyengo yace

Kwathu kuno Khirisimasi imafika pa dzinja, mvula iri kugwa, cimanga ciri kukula m'minda. Ku Britain si tero ai. Pa 25 Disembala kumeneko ndi nyengo ya cisanu. Mu mzinda wa London dzuwa limatuluka ca m'ma 8 koloko m'mawa, ndi kulowa 4 koloko isanakwane. Usiku ndi wautali, kunja kumazizira kwambiri, ndipo abale amene asonkhana, agogo, makolo, ana ndi adzukulu, ayenera kukhala m'nyumba maora ambiri. Cifukwa ca ici Angerezi ali ndi masewera ambiri a m'nyumba. Sewero la phukusi silifuna liwiro kapena mphamvu, cotero nkhalamba ya imvi ndi kamwana ka zaka 4 angathe kukhala pa bwalo limodzi, ndipo sikudziwika amene adzapambana.

Za pepala

Sewero ili limatha mapepala ambiri, ndipo kale pepala silinali cinthu cotaya. Luso lopanga pepala linayamba ku China, kumene munthu wina wa ku nyumba ya mfumu, dzina lace Cai Lun, amakumbukidwa cifukwa ca nchito imeneyi m'caka ca 105. Ku Ulaya, kwa zaka mazana ambiri, pepala linkapangidwa ndi manja kucokera ku nsanza za zobvala, ndipo mtengo wace unali waukuru. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 anthu anaphunzira kupera mitengo ndi makina kuti apange pepala, ndipo pang'ono ndi pang'ono linachipa, kufikira lero munthu angathe kuling'amba osamva cisoni.

Pepala la maluwa lokulungira mphatso linachuka pambuyo pace. M'caka ca 1917, mu mzinda wa Kansas City ku America, abale awiri, Joyce Hall ndi Rollie Hall, anali ndi sitolo. Pa nyengo ya Khirisimasi pepala lopyapyala limene anthu ankakulungira mphatso linawathera. Iwo anatenga mapepala okongola a ku France, amene nchito yace inali kumata m'kati mwa maenvulopu, nawagulitsa pa mtengo wa masenti 10 limodzi. Anthu anagula onse. Kampani ya abalewo ndiyo ichedwa Hallmark lero.

Makonzedwe a phukusi

Munthu mmodzi, amene sadzasewera nao, amasankha mphatso yaing'ono, naikulunga m'pepala lokongola. Pamwamba pace amakulunga pepala lina, ndi lina, ndi linanso, kufikira kanthu kocepa kaoneka ngati katundu wamkuru. Wokonza wanzeru amasiyanitsa mapepala, lina lofiira, lina la nyuzi, lina loyera, kuti womasula asacotse awiri pamodzi. Amamanga pepala liri lonse palokha, ndipo amawerenga mapepala kuti asacepere ciwerengero ca anthu osewera. Ena amaika timakalata pakati pa mapepala, tonena kuti, "Yimba nyimbo," kapena, "Lumpha ndi mwendo umodzi katatu."

Kaseweredwe kace

Onse amakhala pansi mozungulira. Munthu wina amaliza piyano, wailesi kapena nyimbo za pa foni, atafulatira anzace. Nyimbo ikayamba, phukusi limayenda kucokera ku dzanja kunka ku dzanja, mbali imodzi yokha. Mwadzidzidzi woliza uja amaleka. Amene phukusi lampeza amacotsa pepala limodzi, ndipo ngati apeza kakalata, amacita cimene kanena. Nyimbo imayambanso, phukusi niliyenda, liri kucepa nthawi iri yonse. Wocotsa pepala lotsiriza ndiye mwini mphatso.

Malamulo ace ndi awa:

1. Usagwiritse phukusi kuyembekeza kuti nyimbo ileke.
2. Usaponye phukusi, kapena kudumpha mnzako woyandikana nawe.
3. Cotsa pepala limodzi lokha.
4. Nyimbo ikaleka phukusi liri m'manja mwa anthu awiri, likhale la wolandira. Ici mugwirizane sewero lisanayambe.

Njira ya dayisi

Pali njira ina imene akuru amaikonda cifukwa ca phwete lace. Dayisi ndi kanthu ka mbali 6 zolingana, ndipo pa mbalizo pali madontho, kuyambira 1 kufikira 6. Phukusi limaikidwa pakati, pamodzi ndi cipewa ndi magolovesi okhuthala. Osewera amaponya dayisi mmodzi mmodzi. Amene waponya 6 amathamangira pakati, nabvala cipewa ndi magolovesi, nayamba kumasula. Koma zala za m'magolovesi sizigwira bwino, ndipo anzace sanaleke kuponya. Wina akapeza 6, woyamba uja ayenera kubvula zonse ndi kumpatsa, ngakhale atatsala pang'ono kufika pa mphatso.

Apa pali masamu. Popeza dayisi liri ndi mbali 6, mwai wakuti 6 aoneke ndi umodzi mwa 6. Ena amaponya madayisi awiri, nafuna kuti onse aonetse nambala imodzi. Madayisi awiri angathe kugwa m'njira 36, pakuti 6 kucurukitsa ndi 6 ndi 36. Mwa njira zimenezi, 6 ndizo za nambala zofanana. Gawani 36 ndi 6, ndipo mudzaona kuti mwai uli umodzi mwa 6, monga poyamba paja.

Mkangano wa makolo

Kale phukusi linali ndi mphatso imodzi yokha, ya pakati. Mmodzi ankapambana, ena onse nabwerera manja ali m'khosi. Masiku ano makolo ambiri amaika switi pansi pa pepala liri lonse, ndipo woliza nyimbo amasuzumira kuti phukusi liime pa mwana ali yense. Iwo amati, "Tsiku la cikondwerero si tsiku lolira ana." Koma ena amatsutsa, nati, "Mwana amene sanalepherepo m'sewero adzatani tsiku limene adzalephera mayeso, kapena gulu lace litagonja pa mpira?"

Mbali zonse ziwiri ziri ndi nzeru. Kwa tiana ta zaka 3 kapena 4, switi ya pa pepala liri lonse iri bwino, pakuti sitinadziwe kudikira. Koma inu a m'makalasi apamwamba mwakula. Muyenera kudziwa kupereka kwa mnzanu cinthu cimene mtima wanu uli kucifuna, ndi kumuombera m'manja iye atapambana. Ici ndi cobvuta, ndipo akuru ena sanaciphunzire kufikira lero. Makolo athu anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Koposa onse, woliza nyimbo asamale. Ngati anthu anapangana kuti iye afulatire, koma iye nasuzumira kuti mphatso igwere mbale wace, ena adzazindikira, ndipo madyerero adzatha ndi udani. Munthu amene anyenga pa pensulo imodzi sadzakhulupirika pa thumba la ndalama za mudzi. Wopambananso akumbukire kuti "kupatsa n'kuika." Ngati m'phukusi muli maswiti, agawire anzace.

Mmene mungasewerere

Simusowa kugula kanthu kodula. Mphatso ingakhale pensulo, sopo, mpango kapena nsawawa zokazinga. Pokulunga mungagwiritse nchito nyuzi zakale, nsalu zotha kapena masamba a nthoci owamba pa moto, ndipo mumange ndi luzi. M'malo mwa piyano, wina aombe ng'oma kapena alize kalimba atafulatira. Ngati pa bwalo pali akuru, musaiwale mwambo: perekani phukusi kwa iwo ndi manja awiri, ngakhale ng'oma iri kufulumira. Sewero likatha, tolani mapepala onse, ndipo abwino muwasunge kuti mudzakulungirenso tsiku lina.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Angerezi ali ndi masewera ambiri a m'nyumba pa Khirisimasi?
2. N'ciani cinacititsa kuti pepala lichipe?
3. Kodi cinacitika n'ciani ku Kansas City m'caka ca 1917?
4. Chulani malamulo atatu a sewero la phukusi.
5. Cifukwa ninji woliza nyimbo ayenera kufulatira?
6. Ana 14 afuna kusewera, ndipo ali ndi mapepala 9. Afunika mapepala angati ena kuti mapepala alingane ndi ana?
7. Lembani njira 6 zimene madayisi awiri angaonetsere nambala zofanana.

Zocita

(a) Gawanikani m'magulu awiri. Gulu lina linenere mphatso imodzi ya pakati, lina linenere switi pa pepala liri lonse. Aphunzitsi aweruze gulu limene lapereka zifukwa zomveka.

(b) Lembani kalata kwa mnzanu wa pa sukulu ina, kumfotokozera makonzedwe a phukusi ndi malamulo ace, kuti athe kusewera popanda womthandiza.

(c) Konzani phukusi la mapepala 12, ndipo musewere pa tsiku lotsekera sukulu.