Mwaikitsa Lupu kapena Implanti? Ufulu Wochotsetsa Ndi Wanu

Kafukufuku wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja m'Malawi muno, 30 amalera ndi jakisoni, 12 ndi implanti ya pamkono, ndipo wa lupu ndi mmodzi yekha. Pofotokoza kuchepa kwa osankha lupu ndi implanti, ambiri amaloza chala mphekesera, zoti lupu imabaya bambo kapena implanti imatseka mimba mpaka kalekale. Mphekeserazo zilipodi, koma pali nkhawa ina yomveka. Mayi akatopa ndi jakisoni amangosiya kupita kuchipatala miyezi itatu ikatha, pomwe implanti ya Implanon ya zaka 3, ya Jadelle ya zaka 5 ndi lupu ya zaka 10 zimafuna manja a namwino kuti zichoke. Amene wamva kuti mnzake anabwezedwa atakapempha kuchotsa, sangapereke mkono wake mwachisawawa.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 lili kumbali ya mayiyo. Limalamula achipatala kupereka njira zakulera kwa aliyense wozifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya wabwera yekha. Ayenera kukufotokozerani zonse zofunika kuti musankhe nokha, ndipo asanakuikeni kanthu atenge chilolezo chanu cholemba. Kuchipatala cha boma simulipira. Musanavomere, funsani za kusintha kwa msambo, chifukwa implanti imatha kuuchititsa kudonthadontha kapena kusiyiratu, pomwe lupu ya kopa imatha kuuchulukitsa miyezi yoyamba. Ngati mukumwa mankhwala a TB kapena ma ARV nenani, poti ena mwa iwo amafooketsa implanti. Onetsetsaninso kuti tsiku loika ndi lodzachotsa alemba m'buku lanu la kuchipatala.

Ena amati zipangizozi nzodula, choncho kuchotsa implanti ya zaka 5 itangotha miyezi 8 nkuwononga chuma cha boma. Nzoona kuti nzodula, ndipo namwino sanalakwe kukulangizani kuti muyambe mwayesa mankhwala ochepetsa kutaya magazi. Koma kulangiza ndi kukaniza nzosiyana. Mayi mmodzi wokanizidwa akakafotokoza pamjigo, amayi ena ambiri amabwerera ku jakisoni, ndiye kupulumutsa ndalama kuja kuli pati? Chifukwa chochotsera chingakhale chilichonse, ngakhale kungofuna mwana wina, ndipo mukachotsa mphamvu yobereka imabwerera msanga.

Ngati pachipatala chanu palibe wodziwa kuchotsa, pemphani akutumizeni kumene aliko. Akakukanizani, kadandauleni kwa mkulu wa chipatalacho kapena kwa Hospital Ombudsman wa m'boma lanu, mutatenga buku lanu lija.