Maluwa a pa makapu anga akufufutika

Funso: Ndimaumba makapu ndi mbale, ndipo ndayamba kujambulapo maluwa ndi utoto wa underglaze. Koma ndikapaka glaze pamwamba, zojambulazo zimamwazika. Ndichite bwanji? — Mayi wa ku Dedza

Yankho: Mayi, vuto lagona pa burashi. Underglaze yosawotcha imasungunukanso ikanyowa, choncho mukakokapo burashi ya glaze mumakoka ndi maluwa omwe.

Jambulani dongo likauma koma lisanalowe mu ng'anjo. Moto woyamba, wa madigiri pafupifupi 1,000, umamatirira utoto ku dongo moti sungasunthenso. Mukajambula pa chiwiya chowotcha kale, chisiyeni chiume usiku wonse, kenako chiviikeni mu glaze kamodzi kokha, mwachangu. Kuviika n'kwabwino kuposa kupaka.

Utotowo muzipaka mopyapyala katatu, mukudikira kuti uume musanabwereze. Ukachindikala umasenda. Samalani kwambiri ndi utoto wa buluu wa cobalt, umene unatchukitsa mbale za ku Jingdezhen ku China: ndi wamphamvu, ndipo ukachuluka umayenderera.

Yesani kaye pa tizidutswa ta dongo. Pa ziwiya zodyera, gulani glaze yopanda mtovu, chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana.